Dzanja mu Ufa wa Chapati

Akazi anga, amake Rukhsana, anatisiya miyezi itatu yapitayo, Mulungu awagoneke pabwino. Obwera kudzapepesa atha tsopano, ndiye masana ndimangokhala pabwalo la m'kati n'kumakumbukira. Sukulu sindinapite nayo patali ine, ndinalekezera kalasi yachinayi, koma nkhani iyi ndiilemba ndithu, chifukwa kuno ku Sialkot anthu amaikamba mokhota. Amati Karam Din ndiye anapulumutsa Nawazish Bajwa. Karam Din ndine, ndipo sindinapulumutse munthu ayi.

Ndinagwira ntchito zaka makumi anayi pa fakitale ina ya zinthu za masewera a kiriketi, kufupi ndi njanji. Ntchito yanga inali kudula zikopa za magolovesi. Kudula ndinkadula bwino, pamenepo sindidzichepetsa. Koma magolovesi a munthu wowakha mpira kuseri kwa timitengo, aakuluakulu aja, kasokedwe kake n'kena. Mpira umabwera ngati mwala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Msoko ukangokhala pamalo olakwika, umadya chala cha munthu. Ine ndinkasoka, owakha n'kumabweza. Tsiku lina ndinabwera nalo kunyumba golovesi lobwezedwa, ndinaliponya pamphasa ndi mkwiyo. Mawa lake pochoka ku mzikiti ndinapeza amake Rukhsana alimasula lonse n'kulisokanso. Bambo awo anali osoka zishalo za akavalo, ndiye iwo anakulira pa chikopa. Golovesi limenelo silinabwererenso.

Kuyambira pamenepo ndinkauza anzanga kuti ntchito ya owakha ndizikaigwirira kunyumba, chifukwa kufakitale amasokosera. Anayamba kundipatsa ulemu, kumanditchula Ustadi, ndiye kuti mmisiri wamkulu. Ine n'kumavomera. Amake Rukhsana nawo sankafuna kuti dzina lawo lizitafunidwa m'kamwa mwa amuna akufakitale. Anali mayi wa kuseri kwa katani, mwamuna amene si m'bale sankaona nkhope yawo. Ndiye chinsinsicho chinkatikomera tonse awiri, koma kunena zoona chinkandikomera ine kwambiri.

Nawazish anayamba kubwera kwa ine ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kamnyamata koonda kochokera kumidzi ya ku Pasrur, kolongolola ngati wailesi. Kenako anakula, anavala chipewa chobiriwira cha timu ya dziko, anakawakha ku Mangalande ndi ku Australia komwe. Kumenyanso ankamenya. Ankalowa kukamenya wachisanu ndi chiwiri, akuluakulu onse atagwa, iye n'kumaseka ndi oponya mpira ngati akudziwana kumsika. Koma kulikonse kumene ankapita, magolovesi ankadzatenga kwa ine.

Chaka chimenecho anabwera mwezi wotentha, mvula isanayambe. Sanalongolole. Anandikokera kuseri kwa mulu wa zikopa n'kunditambasulira dzanja lamanja.

“Ustadi, taonani nthochi iyi.”

Chinali chala choyandikana ndi kachala kakumapeto. Chinali chitathyoka kachitatu, ndipo ulendo uno chinapola chokhota ngati mbedza.

“M'golovesi sichikukhala,” anatero. “Ndagwetsa mipira itatu, itatu yonse dzanja lomweli. Manyuzipepala andidya osasiyako ndi fupa. Akuluakulu osankha timu aitanitsa masewera oyesera ku Lahore, kwatsala masiku asanu ndi anayi. Mbali inayo kuli kamnyamata kowakha ka ku Karachi, zala zake zowongoka ngati mapensulo.”

“Kumenya si ukumenyabe?”

“Omenya ali nawo ambiri, Ustadi. Ine anandilembera kuwakha. Zaka zanga ndi makumi atatu ndi chimodzi. Akandisiya pano sadzandiitananso, ndibwerera ku Pasrur kukaweta njati za mkaka za bambo.”

Ndinamuyeza monga mwa masiku onse. Ndinagoneka dzanja papepala n'kulizunguliza pensulo, ndinayeza chala chilichonse ndi ulusi n'kumanga mfundo. Amake Rukhsana anasoka masiku awiri. Titakayesa kuseri kwa fakitale, mpira wachitatu wokha Nawazish anavula golovesi n'kuika chala m'kamwa. Misozi inali m'maso, koma anaseka.

“Lokongola ndithu, Ustadi. Ndidzalivala pa ukwati.”

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera. Anatenga pepala lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

“Pepala ndi lafulati, abambo a Rukhsana. Dzanja la munthu si lafulati. Chalachi chakhotera kumbali, ndaona. Nanga chakwera kapena chatsika?”

“Chakhota basi.”

“Chakhota basi! Zaka zonsezi maso munawasiya kuti?”

Mawa lake anakanda ufa wa chapati wolimbirapo, anauyala m'mbale yaikulu yamkuwa, anavundikira ndi nsalu yonyowa. Anati ndipite nawo kumene mlendoyo ankagona, akadindemo dzanja, ndipo ndibwere msanga. Ndinamanga mbale panjinga. Nawazish ataona anaseka mpaka kutsokomola.

“Ustadi, mwayamba zausing'anga?”

“Dinda, usalongolole.”

Anadinda. Dzanja linaoneka bwinobwino, mizere yonse, ndi chala chokhotacho chitalowa mozama mbali imodzi. Koma pobwerera ndinapeza geti la panjanji latsekedwa. Inkadutsa sitima ya katundu, yaitali ija yosatha, ndipo itafika pakati inaima. Dzuwa lili paliwombo. Ndinaima pamenepo pakati pa ngolo ndi abulu, thukuta kamukamu, ufa uli kumbuyo kwanga ukufufuma. Kuwonjezera apo msewu wakwathu ndi mabampu okhaokha. Amake Rukhsana anavundukula nsalu.

“Limeneli ndi dzanja la munthu, kapena munakhalirapo?”

Ndinayamba kufotokoza za sitima. Sanamvetsere.

“Kwatsala masiku angati?”

“Asanu ndi limodzi. Mawa asanu.”

“Ndiye mubwere naye kuno. Ufa sudikira munthu. Adinde mbali iyo ya katani, ine ndiyeze mbali ino, usanapume n'komwe.”

“Ndikamuuza kuti chiyani? Akudziwa kuti wosoka ndine.”

“Mukamuuze zoona. Sizipha, ena anayesapo.”

“Nanga dzina lanu?”

“Dzina langa silitha ndi khutu la munthu mmodzi. Mwana wa eni ake ntchito ikumuthera, inu mukusamala ndevu zanu.”

Mawu amenewo anandiwawa chifukwa anali oona. M'mawa ndinamutengera Nawazish pa kanyumba ka tiyi ka pafupi ndi siteshoni. Ndinamwa kapu yoyamba yonse. Yachiwiri ili pakati ndinangoti, “Mwana wanga, magolovesi ako onse aja, kuyambira oyamba, ine ndinangodula. Osoka ndi akunyumba.”

Anandiyang'ana. Ine maso ali m'kapu.

“Ndiye zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikupsompsona dzanja lolakwika?”

“Ndi choncho.”

“Ndinkadabwa ine! Tsiku lija munandisokera lamba wa pamwendo ndikuona, munadzibaya kawiri. Ndinati mwina Ustadi sanagone bwino.” Anaseka mpaka mwini tiyi anatembenuka. Kenako anatsitsa mawu. “Ustadi, ngakhale mukanati amasoka ndi mbuzi yanu, ndikanapita kukaigwadira. Tiyeni.”

“Koma izi zithere pakati pathu. Iwo safuna kutchulidwa.”

Anagwira makutu ake onse awiri polumbira. Ndipo anasungadi, munthu wolongolola ngati ameneyo, zaka zonsezi.

Nyumba yathu ili ndi kachipinda ka alendo kumaso, ndiye khomo lolowera pabwalo la m'kati. Pakhomo pamenepo panali katani yobiriwira. Rukhsana anali atakwatiwa kale ku Wazirabad, ndiye panalibe wotumikira, ndinali ine ndemwe. Nawazish anakhala pamphasa, miyendo atapinda ngati mwana wa ku madrasa. Kuseri kwa katani kunamveka mawu.

“Abambo a Rukhsana, auzeni alendowo asambe m'manja. Katatu, ndi sopo. Ufawu ndi chakudya.”

Ndinatembenuka kuti ndimuuze, koma iye anali atayamba kale.

“Ustadi, auzeni amayi kuti ndasamba m'mawa.”

“Auzeni kuti m'mawa ndi kale.”

Anasamba. Ndinabweretsa mbale, anadinda, ndinaikankhira pansi pa katani. Tinkangomva kulira kwa zibangili zawo.

“Afunseni, chikagundidwa chimapweteka pamfundo yapamwamba kapena yapakati?”

“Auzeni yapakati.”

“Afunseni ngati chimapindika.”

“Pang'ono, amayi. Ngati chitseko cha dzimbiri.”

“Anakumanga ndani chalachi? Wokonza njinga?”

“Dokotala wachizungu, amayi, wa tayi.”

“Tayiyo akanamangira chalacho bwenzi zili bwino.”

Apa n'kuti atandiiwala ine. Mutu wanga unkangotembenuka uku ndi uku ngati woonerera, palibenso amene ankati auzeni. Ndikamakumbukira pano ndimaseka ndekha, anthu odutsa panja mwina amati nkhalamba yapenga.

Kenako amake Rukhsana anati dzanja logona mu ufa aliona, tsopano akufuna kuona dzanja likugwira ntchito. Anakwera padenga, kumene kuli kampanda ka njerwa ka mabowomabowo, koti munthu amaona pansi iye osaoneka. Ine ndinalowetsa Nawazish pabwalo. Anavala magolovesi akale, ananjuta pafupi ndi mpope, ine n'kuyamba kuponya.

“Abambo a Rukhsana,” mawu anachokera kumwamba, “mukuponya kapena mukumupatsira?”

“Phewa langa ndi lodulira zikopa ili.”

“Menyetsani pamphero.”

Pabwalo panali mwala wathu wopererapo tsabola, wotsetsereka mbali imodzi. Ndinayamba kumenyetsa mpira pamenepo. Eee, unkachoka ngati wolumidwa ndi mavu, wina kumanzere, wina kumanja. Wina unaswa mtsuko wa madzi, palibe anadandaula. Nawazish anawakha yambiri, koma ya kumanja inamupulumuka inayi. Nditaponya ngati makumi atatu, anatiimitsa.

“Mwana wanga, chala chakocho chili ndi mantha. Mpira ukatsala pang'ono kufika, chimathawira kunja, ndiye pakati pa icho ndi chapakati pamatseguka khomo. Mpira ukudutsa pamenepo. Iwe sukudziwa, chimachita chokha.”

Nawazish anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina.

“Ndiye tichite nacho chiyani, amayi? Tidule?”

“Usalankhule zopusa pabwalo panga. Abambo a Rukhsana, mupatseni mpira agwire monga amagwirira, ndipo mumumate ufa kunja kwa dzanja lonse.”

Ndinakandanso ufa womwe uja, ndinamumata mpaka dzanja linakhala ngati dzungu. Tinaudula pambali ndi ulusi, tinauchotsa pang'onopang'ono zibenthu ziwiri, ndipo ndinathamanga nazo pamakwerero. Ndinawapeza ali ndi lumo ndi nsalu yakale, akudula pomwepo chitsanzo, kumayesa mu ufamo, kuchepetsa, kuyesanso. Anandifotokozera motsitsa mawu. Chala chodwalacho sachipatsa thumba lakelake. Achiika m'thumba limodzi ndi chala chapakati, pakati pake kathonje pang'ono, kuti chikafuna kuthawa chinzake chichigwire. Kunja adutsapo msoko, golovesi lioneke la zala zisanu ngati ena onse, oponya mpira a mbali inayo asadziwe pamene pali bala.

Atamaliza anati, “Ufawu titani nawo? Sitingataye.”

Kwathu ufa sutayidwa, ndi tchimo. Ngakhale kachidutswa ka chapati kakagwa mumsewu, umakatola n'kukaika pakhoma. Wa dzulo lake uja tinali titadya kale awiriwiri. Ndiye uwu anaukandanso n'kuphika, ndipo ndinatulutsira mlendo chapati zinayi, mphodza, ndi mango a mumchere. Nawazish ananyamula chapati imodzi n'kuitembenuza.

“Ustadi, manyuzipepala andidya, akuluakulu andidya, lero ndadzidya ndekha.”

“Ukukoma?” anafunsa kuseri kwa katani.

“Mchere wachepa, amayi.”

“Thukuta lako lomwelo silinakwane?”

Anadya zonse zinayi n'kupempha yachisanu.

Madzulo ake ndinadula chikopa motsata chitsanzo cha nsalu chija. Chinali chovuta, chokhota mbali ziwiri, ndipo ndinasankha chikopa cha pamimba chofewa. Amake Rukhsana anachitenga, anachikoka uku ndi uku, anati, “Apa ndiye mwadula.” Pa zaka makumi asanu ndi zitatu za ukwati wathu sanali munthu wotaya mawu oyamikira, ndiye amenewa ndinawasunga.

Anasoka masiku awiri ndi theka. Ankayamba akangomaliza swala ya m'bandakucha, kukhala pamene pali kuwala, n'kumasuntha kampando kutsatira mthunzi. Chakudya ndinkaphika ine, ndipo sanadandaule ngakhale mpunga unapserera. Tsiku lachitatu Nawazish anabwera kudzayesa. Iwo padenga, ine pamphero. Mpira woyamba wa kumanja unalowa n'kukhala, phwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachisanu anatsinzina.

“Pati?” anafunsa kumwamba.

“Palibe, amayi, lili bwino.”

“Ndakuona nkhope. Pati?”

“Pamfundo, pali kanthu kakundidinda.”

Ndinakwera nalo. Anamasula misoko isanu ndi umodzi, anachotsa kathonje kochepa ngati njere ya nandolo, anasokanso. Nditatsika nalo tinaponya mpaka phewa langa linafa. Sanagwetse ndi umodzi womwe. Kenako anayamba kulongolola monga amachitira kuseri kwa timitengo, “Bwera nawo, Ustadi, bwera nawo, ameneyu sadziwa kumenya, wabwera kudzajambulitsa!” Pamenepo ndinadziwa kuti munthu uja wabwerera.

Potsanzika anaima pafupi ndi katani, magolovesi ali kukhwapa.

“Amayi, sitima ndi ya masana ano. Mundipempherere.”

Kenako ndinaona katani ikusuntha, dzanja lawo likutuluka atalikulunga ndi mpango. Nawazish anawerama, iwo analiika pamutu pake.

“Pita, mwana wanga. Mawondo uzipinda msanga, ukumachedwa kutsika.”

Masewera oyesera aja anali a masiku atatu, ndipo pawailesi sankaulutsa. Nkhani tinkaimva kwa Fazal wometa, amene ankagula nyuzipepala n'kumawerengera aliyense wokhala pabenchi pake. Tsiku loyamba Fazal anawerenga kuti Nawazish wagwetsa mpira m'mawa, usanathe ndi ola lomwe. Ndinabwerera kunyumba n'kukanena.

“Dzanja liti?” anafunsa amake Rukhsana.

“Sanalembe.”

“Bwererani mukafunse.”

Ndinabwerera. Fazal anafufuza mpaka pansi pa tsamba, anapeza kuti anadumphira kumanzere. Nditawauza anangoti, “Limenelo si langa, ndi mawondo,” n'kupitiriza kusesa.

Tsiku lachiwiri anawakha inayi. Lachitatu anawakha umodzi, anagwetsa timitengo ta munthu amene anatuluka pamzere, ndipo pomenya anapeza mapointi makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu imodzi. Koma mnyamata wa ku Karachi uja naye sanagone. Anawakha itatu osagwetsa, pomenya anaposa Nawazish ndi zisanu ndi zinayi. Pabenchi pa Fazal anthu anagawikana, mpaka wina anachoka ndevu atameta mbali imodzi.

Mayina anati awerenga Lachinayi pa nkhani za masana. Ndinapempha kuchoka msanga kufakitale, ndinati m'mimba. Ndinaika wailesi pawindo. Amake Rukhsana anakhala pakampando kawo ndi lichero, akusankha mpunga, ngati sizikuwakhudza. Wowerenga nkhani anayamba ndi za boma, za mitengo ya thonje, za madzi a mumtsinje. Ndinafuna kuiponya wailesiyo. Kenako anafika pa timu. Dzina loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ndinaona dzanja lawo laima m'lichero, kamwala kali pakati pa zala. Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi.

“Nawazish Bajwa, wowakha.”

Ine ndinakuwa mpaka nkhunda zinauluka padenga. Kunja ana a mumsewu anayamba kumenya zitini. Iwo anataya kamwala kaja, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anati fumbi la mpunga.

Anasewerera dziko zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo anasiya yekha, pa tsiku limene anasankha mwini wake, anthu ataimirira m'bwalo lonse. Koma tsiku la wailesi lija zimenezo sitinkazidziwa. Ine ndinkangozungulira pabwalo, kufuna nsapato kuti ndikagule maswiti a mkaka ogawira anthu a mumsewu wathu. Ndili pakhomo anandiitana.

“Abambo a Rukhsana, mnyamata wa ku Karachi uja sanamutchule?”

“Sanamutchule. Wowakha amatenga mmodzi.”

Anapitiriza kusankha mpunga.

“Naye ali ndi amake amene amvetsera wailesi lero. Mukagula maswitiwo musachite kukuwa nawo mumsewu.”

Ndinagula makilo awiri, ndipo ndinagawa khomo ndi khomo mwakachetechete.